Linki Imene Sindinatsegule

Pabanja pathu aliyense ali ndi ntchito yake. Amalume amayendetsa maukwati ndi maliro, azakhali amadziwa amene ali ndi pakati mwini wake asanadziwe, ndipo ine, kwa zaka zingapo, ndinali nduna yofalitsa nkhani. Palibe amene anandisankha. Ndinadzilonga ndekha tsiku limene ndinagula foni yolowa pa intaneti, ndipo udindo umenewu unatsala pang'ono kunditayitsa mlongo wanga, munthu yekhayo amene ankandimvetsera.

Ndimaphunzitsa makompyuta pasukulu ina m'tauni ya Chipata. Ndikati makompyuta musaganize zambiri. Tili nawo owerengeka, ndipo magetsi akathima ndimajambula imodzi pabolodi ndi choko n'kuuza ana kuti ayerekeze kuti yayaka. Koma m'mutu mwanga ndinali munthu wa kutsogolo, ndipo amene anandipatsa matama amenewa ndi mapodikasiti, mapulogalamu a macheza aja amene umakopera pafoni n'kumamvera nthawi imene wafuna. Ndinkawakopera kuntchito, pa waifai ya muofesi ya ahedi, nditaima pafupi ndi zenera ngati ndikuwerenga zolengeza zapakhoma. Ndikaweruka ndinkatseka makutu ndi timahedifoni n'kuyenda wapansi kubwerera ku Kapata, kumene ndimachita lendi.

Amene ndinkawakonda kwambiri anali azibambo awiri a kutsidya la nyanja amene ankatha ola lathunthu akukangana za foni yopindika pakati. Tsiku lina anadandaula kwambiri kuti firiji ya mmodzi wa iwo inachedwa kumuuza kuti mkaka watha. Ine ndinapukusa mutu kuwamvera chisoni, uku ndikulumpha ngalande, ndikupita kunyumba kumene mkaka ndimauika m'beseni la madzi kuti ufike mawa. Ndinkawatchula kuti anzanga. M'chipinda cha aphunzitsi ndinkayamba nkhani ndi mawu akuti anzanga aja anena kuti posachedwapa madalaivala ntchito iwathera, ndipo aphunzitsi anzanga ankavomera mwaulemu n'kupitiriza kuchonga mabuku awo.

Nzeru zochuluka chonchi munthu sungasunge wekha, zingakutupitse mimba. Mwamwayi tinali ndi gulu la banja pafoni, limene amalume anatsegula kuti tizidziwitsana za matenda, maukwati ndi zovuta. Ine ndinaona kuti gululo likungokhala manja lende, ndiye ndinalipatsa ntchito. M'mawa linki, masana linki, Lamulungu potuluka m'tchalitchi linki. Makina olemba kalata okha. Kandege kopanda woyendetsa konyamula mankhwala. Mlimi wina wa kutali amene amathirira munda wake ali gone pabedi. Ndipo pano ndiulule chinsinsi cha unduna wanga: ambiri mwa malinkiwo sindinkawatsegula. Kutsegula kumadya bandulo, komanso kumachedwetsa, ndipo ukachedwa msuweni wako wa ku Lusaka akhoza kutumiza nkhani yomweyo iwe usanatumize, manyazi ake osasimbika. Mutu wa nkhani unkandikwanira. Ndinkauwerenga, kuwonjezapo ndemanga yanga yonyoza kutsalira kwathu, n'kutumiza.

Abale anga anandizolowera monga anthu amazolowerera tambala wa aneba. Amalume ankayankha kuti Ameni pa chilichonse, ngakhale pa nkhani ya foni yopindika. Azakhali anandifunsapo kamodzi ngati kusukulu anandichotsa ntchito, poona nthawi imene ndinali nayo. Ena onse anaphunzira kulumpha dzina langa.

Mlongo wanga yekha ndiye sankalumpha. Iye ndi wamkulu kwa ine, ndipo ndi amene anandilera amayi atamwalira ndidakali wamng'ono. Ife ndife banja la aphunzitsi ndi makalaliki, ophunzira kumishoni, anthu okhulupirira kuti mwamuna wopanda tayi sanamalize kulengedwa. Iye anatikhumudwitsa pokwatiwa ndi mlimi wa Chikatolika wa ku Madzimoyo, ndipo anatikhumudwitsa koposa pokhala wosangalala kumeneko. Alamu angawo anali munthu wanthabwala. Ankandiitana kuti aprofesa, ndipo tikakumana ankandipempha kuti ndiwatumizire linki ya khasu lolima lokha chifukwa msana wawo watopa. Chaka china atagulitsa thonje anamugulira mlongo wanga foni ngati yanga.

Kunyumba kwawo netiweki sigwira. Kuti uthenga ulowe pamafunika kukwera pachulu chimene chili kumapeto kwa munda wawo wa nshawa, mtedza uja, ndipo mlongo wanga ankakwera pamenepo tsiku ndi tsiku chifukwa cha ine. Linki iliyonse ankaitsegula, kuidikira mpaka ioneke, kuiwerenga ndi Chingerezi chake cha kusekondale, kenaka n'kundiimbira kuti afunse zimene sanamvetse. Kawirikawiri ankafunsa za m'kati mwa nkhani, zimene ine mwini wake sindinazione, ndipo ndinkamuunjikira mawu akuluakulu mpaka atatopa. Ndinkadziwa bwino kuti za makina alibe nazo ntchito. Ankangofuna kuti mwana amene analera asamayankhule yekha pagulu. Ndinkazidziwa zimenezi, ndipo zinkandikomera, koma sindinamuthokozepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku la tsokalo linali la nyengo yozizira, anthu akugulitsa zokolola. Masiku angapo m'mbuyomo mlongo wanga anali atandiuza pafoni kuti alamu akufuna kupita ndi nshawa zawo ku Mwami, kumene amalonda a kumalire amagula bwinoko. Ndinamva ndi khutu limodzi, linalo munali anzanga a kutsidya. Nthawi yopuma itakwana ndinakhala m'chipinda cha aphunzitsi, anzanga a kutsidyawo akufotokoza m'timahedifoni za galimoto zodziyendetsa zokha, zimene akuti sizichita ngozi chifukwa siziwodzera ndiponso sizimwa mowa. Ndikumvera choncho, pagulu lina la anthu a m'tauni panagwa linki. Mutu wake unati kanta, lole yaing'ono, yonyamula matumba a nshawa yagubuduka pamsewu wa ku Mwami m'mawa womwewo. Kachithunzi kake kanali kasanaoneke, panali kabwalo kotuwa chabe. Ndinasangalala ngati mlaliki amene wapeza vesi logwirizana ndi ulaliki wake. Ndinaitumiza pagulu la banja, n'kulemba pansi pake mawu amene mpaka lero ndikhoza kuwanena pamtima:

"Onani zathu. Anzathu galimoto zikudziyendetsa zokha, ife tikadali kugubuduka ndi nshawa."

Ndinaikaponso kankhope koseka, kuti anthu osachedwa kukhumudwa adziwe kuti ndi nthabwala. Belu litalira ndinatseka mawu a foni, poti mphunzitsi wabwino sasokoneza kalasi, n'kupita kukaphunzitsa ana mmene angagwiritsire ntchito intaneti mosamala.

Zimene zinkachitika nthawi imeneyo ndinazimva pambuyo pake. Alamu anali atakwera kanta yomweyo, atakhala pamwamba pa matumba awo. Munthu wina amene anathandiza pamalo a ngoziyo anawazindikira n'kuimbira amalume. Amalume anathamangira kuchipatala, koma anapeza zatha kale. Ndiye anachita zimene mwambo umafuna.

Kwathu uthenga wa imfa supita kwa mkazi wa malemu pafoni. Umayenda ndi miyendo. Amasankha amayi achikulire awiri kapena atatu, iwo amapita, amalowa m'nyumba, amamukhazika mayiyo pamphasa, wina kumanja wina kumanzere. Sayambira pa imfa. Amati bambo wapweteka paulendo. Amadikira. Kenaka amati wapweteka kwambiri. Pofika pa liwu lenilenilo mayiyo amakhala atalimva kale mumtima, ndipo akamagwa amagwera m'manja mwa anzake. Amalume anatuma azakhali pamodzi ndi amayi awiri a kutchalitchi kwa alamu, anawakweza galimoto ya ku Madzimoyo, n'kulamula aliyense amene anadziwa kuti asalembe kalikonse pagulu. Ine sanandiimbire dala. Anauza azakhali kuti uja wa malinki amve madzulo, chifukwa chala chake sichichedwa. Anandiyeza bwino ndithu. Anangoiwala kuti ine sindidikira kudziwa nkhani kuti ndiifalitse.

Nditatuluka m'kalasi ndinapeza amalume atandiimbira kambirimbiri. Ndinawaimbira.

"Chotsa chimene watumiza pagulu. Manje manje."

Ndinayamba kufotokoza kuti zinali zocheza chabe, kuti vuto la anthu a kuno n'losafuna kumva choonadi. Anandidula.

"Unaitsegula linki ija?"

Ndinati inde, popeza bodza ndi limene linali pafupi.

"Ukanatsegula sukanandiyankha choncho. Amene ali pachithunzipo ndi alamu ako. Atisiya. Chotsa."

Ndinakhala pansi pakhonde la kalasi, ana akundidutsa. Ndisanachotse uthengawo ndinayang'ana mndandanda wa amene auona, umene umaoneka kwa wotumiza yekha. Kusandilabadira kwa abale anga kunandithandiza tsiku limenelo, chifukwa panali mayina awiri okha. Lina linali la amalume. Linalo linali la mlongo wanga, ndipo iye anauona pafupifupi ola lathunthu amalume asanauone. Ndinachotsa. Amalume anaimbanso kufunsa ngati mlongo wanga waona, ndipo ine, mphunzitsi wa ana a anthu, ndinati ayi, sanaone.

Pamaliro nkhani ya linki yanga inayenda bwino kuposa nkhani zonse zimene ndinatumizapo. Amuna amene tinakhala nawo panja ankandiyang'ana n'kunong'onezana. Msuweni wa ku Lusaka anandigwira paphewa n'kunena kuti Mulungu amandikonda, ndinachotsa nthawi yabwino. Azakhali anatsimikizira aliyense kuti iwo ndi amene anafikitsa uthenga, kuti anamupeza mayiyo asakudziwa kanthu, ndipo anamuuza pang'onopang'ono monga zimayenera. Ndinayamba kudzinyengerera kuti mwina anangoona mutu wake osatsegula. Koma ndinkamudziwa mlongo wanga. Nditalowa m'nyumba kukapepesa, ndinagwada pamaso pake, iye anandigwira dzanja monga anagwirira aliyense n'kunena zikomo, maso ali pakhoma. Ndikanakonda akanandiwomba mbama pamaso pa anthu onsewo.

Maliro atatha mlongo wanga anatuluka pagulu la banja, ndipo abale anati ndi chisoni, asiyidwe. Sanandiimbirenso. Ine ndinachita zimene munthu wophunzira amachita. Ndinamulembera uthenga wautali womutonthoza, ndinaukonza katatu kuti mawu ake akome, osatchulamo linki ngakhale pamodzi. Sunawerengedwe. Kenaka, ndipo izi ndikuzinena ndi manyazi, ndinamutumizira linki ya nkhani yofotokoza njira zopiririra imfa ya mwamuna. Imeneyo ndinaitsegula kaye, kusonyeza kuti ndasintha. Nayonso inangokhala. Pagulu ndinasiya kutumiza kalikonse, ndipo palibe amene anadandaula kuti wasowa nkhani za firiji. Anzanga a kutsidya ndinkawamverabe poyenda, koma kuseka kwawo kunayamba kundinyansa, ndipo tsiku lina ndinafika kunyumba osakumbukira liwu limodzi la zimene ananena.

Panapita miyezi. Ndinkaopa kupita ku Madzimoyo, ndipo mantha amenewa ndinawapatsa dzina labwino lakuti kulemekeza chisoni cha munthu. Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, azakhali ananditchulira mongodutsa kuti mlongo wanga watumiza mawu kwa abale onse kuti akamuthandize kukonza munda, poti chaka chino ali yekha. Anaitana ngakhale msuweni wa ku Lusaka, amene khasu amangoliona pazithunzi. Ine sanandiitane. Pamenepo ndinasiya kudzinamiza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinali nditayamba kununkha. Loweruka m'mawa ndinakwera basi.

Ndinamupeza pakhonde atavala zakuda, lichero pamiyendo, akuswa nshawa za mbewu. Anali ataonda. Anaitana mwana wina kuti abweretse mpando, koma ine ndinakhala pansi. Tinalonjerana monga anthu odziwana patali. Anafunsa za kusukulu, ndinati kuli bwino. Ndinali nditakonza mawu m'basi, oyamba ndi kufotokoza mmene zinthu za pa intaneti zimafalira mofulumira masiku ano, koma nditamuyang'ana manja, mawu onsewo anandithawa.

"Asisi, ndikudziwa kuti munaona," ndinatero. "Ndinanamiza amalume. Pepani."

Anapitiriza kuswa kwa kanthawi. Kenaka anayamba kufotokoza, osakweza mawu, ngati akunena za munthu wina. Anati m'mawa wa tsiku la ngozi anali kumunda akutola nshawa zotsalira, ndipo anakwera pachulu kuti aone ngati alamu atumiza mawu akuti afika. M'malo mwake munalowa uthenga wanga. Anawerenga mutu wake, anaganiza za alamu, koma ataona kuti ndaseka anadzilimbitsa kuti mlongo wake sangaseke zinthu zoopsa, ndiye anatsegula. Chithunzicho chinkaoneka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Poyamba mitengo, kenaka matayala ali m'mwamba, kenaka matumba, kenaka munthu atafunditsidwa chitenje chimene sichinakwane. Anazindikira jekete. Chigamba cha pachigongono anasoka yekha.

Anati sakudziwa kuti anakhala nthawi yaitali bwanji pansi pa chulucho. Anakuwa, koma minda yoyandikana nayo inali itakololedwa kale, munalibe munthu. Atatopa anadzuka, anadzisasa fumbi, anayenda kubwerera kunyumba, ndipo ali chapatali anaona azakhali ndi amayi awiri aja atakhala pakhonde pomwe tinalipo, akumudikira, nkhope atazikonza.

"Ndinapita kuseri, ndinasamba kumaso, ndiye ndinabwera kudzawalonjera," anatero. "Anandilowetsa m'nyumba, anayala mphasa. Azakhali anati bambo wapweteka paulendo. Ine ndinati, wapweteka bwanji? Anati tidikire, timva. Ndinadikira. Anati wapweteka kwambiri. Ndinawasiya anene zonse mpaka kumapeto."

Ndinafunsa chifukwa chake anadzizunza choncho, pamene ankadziwa kale.

"Ndinkafuna ndiuzidwe ngati munthu. Komanso ndinkati mwina iwo anena zina."

Ndinalira pamenepo, kulira koipa kwa munthu wamkulu, mamina ndi misozi, ndipo iye sananditonthoze. Anandisiya mpaka nditamaliza. Anati chithunzi chija akanachiona ndithu tsiku lina, poti anthu a mafoni sasowa, ndipo sananene kuti ine ndinapha munthu. Chimene chinamukhala pamtima miyezi yonseyi n'chakuti kwa zaka ankasiya ntchito kukawerenga zinthu zimene ine mwini wake sindinkaziwerenga. Anati anazindikira kalekale, chifukwa mayankho anga sankagwirizana ndi nkhani, koma ankangoti ndi mwana, musiyeni. Zinali zoona, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva manyazi enieni, osati aja oopa kuti anthu anena chiyani.

Panatsala funso limodzi limene linkandivuta kuyambira tsiku la maliro. Azakhali mpaka lero amadzitama kuti anafikitsa uthenga bwino. Amalume amakhulupirira kuti ndinachotsa nthawi yake. Liwu limodzi lochokera kwa iye likanakwanira kuti banja lonse lindisale, ndipo palibe akanamuimba mlandu. Ndinamufunsa chifukwa chake sanauze aliyense.

Anasiya kuswa, nayang'ana kumunda.

"Akanakudya wamoyo," anatero. "Ndipo ine tsiku limenelo ndinali nditataya kale mmodzi."

Anakankhira lichero pakati pathu. Tinaswa nshawa mpaka dzuwa linapendeka, ndipo tsiku limenelo sanandiyang'ane kumaso.